Chizungu cha Pamtondo

Kuno kwa Mwambo,
Lachinayi masana.

Mwana wanga Enelesi,

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kuja, lichero ndalivundikira pamiyendo ngati tebulo, ndipo ndikukulembera iwe uli kwa azakhali ako kokatsanzika. Nthawiyi ndaisankha dala. Ukanakhalapo bwenzi ukundisuzumira paphewa n'kumandikonza malembo, monga mwa khalidwe lako. Kalatayi uipeza m'sutikesi, pansi pa diresi la kutchalitchi. Usaitsegule padoko pa Kachulu, udikire mpaka utakhazikika m'basi ya ku Blantyre, chifukwa sindikufuna unditsutse tikuonana maso. Chizungu chimene uchione munomu usadabwe nacho, sindinachenjere mwadzidzidzi ayi. Ndikukopera m'makope ako akale, makamaka la Sitandade 6 lija mbewa zinadya m'mbali.

Dzulo ndinakumva. Unkayesa ndili kudambo, koma ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikutola mazira. Unauza abambo ako kuti, "Ba-bambo, ndikakaima pamaso pa ana lilime n'kukakamira, ine ndibwerako. Ndi-ndizidzasinja mpunga ndi amayi." Abambo ako anangoti, "Tiona," monga amayankhira chilichonse, ngakhale utawauza kuti denga likupsa. Ine sindinena kuti tiona. Ndikuti ukupita ku koleji ya aphunzitsi, ukamaliza, ndipo chibwibwi chakocho chikamaliza nawe limodzi. Malo amenewa unawavutikira wekha, ndipo ukawathawa sakuitananso kachiwiri. Khala bwino pampandopo, amayi ako alankhule.

Choyamba, usalole munthu kukumalizira mawu. Zimenezi ndikuzidziwa bwino chifukwa katswiri wake ndinali ine. Kodi ukukumbukira pa Songani paja, azakhali ako atakufunsa chimene ukufuna akugulire? Iwe unayamba kuti, "Ndi-ndikufuna ns-ns-ns," ine pakamwa pangapa changu: "Nsalu! Mwanayu akufuna nsalu." Anagula nsalu yamaluwa yokongola ndithu, koma iwe unalira njira yonse mpaka kufika kuno. Madzulo ake ndi pamene unatha kutulutsa kuti unkafuna nsapato. Unayenda chaka chinanso osavala kanthu kumapazi chifukwa cha liwiro la amayi ako, ndipo azakhali ako mpaka lero akandiona amati, "Abwera a Nsalu." Kumeneko ukapeza anthu okoma mtima ofuna kukuthandiza chimodzimodzi. Ukakweze kadzanja, adikire, liwu lako libwere lokha. Ndipo ukadzakhala ndi kalasi yako, mwana akakakamira pakati pa liwu, upinde manja udikire. Sufa ayi.

Tsopano ndikukumbutse kumene Chizungu chako chinabadwira, chifukwa ndikuona ngati waiwala. Chinali chaka chija madzi anayamba kubwerera m'nyanja itauma, abambo ako akumata bwato limene linang'ambika ndi dzuwa. Unabwera kuchokera kusukulu maso ali psuu. Aphunzitsi a Mulera anakuimiritsa kuti unene mneni wa kuyenda m'Chizungu, kuyambira lero, dzulo, mpaka mawa. Unangoti "I w-w-w" basi, kalasi yonse n'kugwa ndi phwete, ndipo anyamata anakuperekeza mpaka pamjigo akuuwa ngati agalu. Unanena kuti kusukulu sudzapondakonso. Ine ndinalibe mawu anzeru, ndinali ndi mpunga wosasinja. Ndinakupatsa munsi wako waung'ono uja n'kunena kuti, "Kulirako kalirire pamtondo, ntchito iziyenda."

Unasinja mwaukali ngati a Mulera ali mumtondomo. Kenako ndinamva ukung'ung'udza. Munsi ukati thi, iwe "I walk." Ukatinso thi, "you walk." Thi, "he walks." Unatsika nazo mpaka "they walk," n'kulowa dzulo, "I walked, you walked," n'kuwolokera mawa, "I shall walk," osapunthwa ngakhale pamodzi. Ine munsi wanga unaima m'mwamba. Ndinati, "Iwe, tabwereza!" Utasiya kusinja kuti ubwereze, lilime linakakamiranso. Ndinati, "Ayi, sinja!" Unasinja, mawu n'kumatuluka ngati madzi a mumtsuko. Mayo ine, ndinalulutira mpaka aBiti Saidi a kuseri kwa mpanda anathamangira kuno ndi chipande m'manja, kuyesa kuti kwabadwa mwana.

Mawa lake ndinakutuma ukafunse kusukulu kuti kusinja amati chiyani, poti ine zoimba za kuyenda ndili chiimire pamalo amodzi zinkandinyansa. Unabwera ndi "pound," ndipo nyimbo yathu inayambira pamenepo. Iwe ukatsitsa munsi, "I pound." Ine ndikatsitsa wanga, "you pound." ABiti Saidi akupeta pambali, ife n'kuwaloza ndi milomo, "she pounds." Vuto linali pa "we pound." Tsiku loyamba tinatsitsa minsi yonse iwiri nthawi imodzi, inagundana, mpunga n'kumwazika bwalo lonse, nkhuku zinadya Khirisimasi. Ndiye tinapangana kuti tikafika pamenepo tiziponya minsi m'mwamba, kuomba m'manja kamodzi, n'kuiwakha. Mzere umenewo ndi umene ndinkaukonda kuposa yonse, ndipo umadziwa.

Kusukulu sukanapita ndi mtondo, ndiye unayamba kugogoda chala pansi pa desiki. A Mulera atakuimiritsanso, unanena mneni yense mpaka kumapeto, chala chikugwira ntchito yake mobisa. Anavula magalasi, anawapukuta, anakuuza ubwereze. Pasanathe mwezi kalasi yonse inkamenya madesiki, phokoso lake kumveka mpaka kudambo. Ndiye ukamati lilime lako silingaphunzitse, uzikumbukira kuti linaphunzitsapo aphunzitsi ako.

Chachiwiri, uyambe ndi aneni aulemu. Dzinali analipereka ndi aBiti Saidi, usalitaye. Utatifotokozera kuti aneni ena ukangowapachika kamchira ka "ed" kumbuyo amalowa dzulo osakangana, iwo anati, "Eya, amenewo ndiye oleredwa bwino." Koma utafika pa "go" amene dzulo amasanduka "went," anaika lichero pansi. "Ameneyo ndi wamwano. Akusintha dzina ngati munthu wothawa msonkho. Ine pakhomo panga asabwere." Mpaka lero mayi aja samutchula. Ine ndinachita makani, ndinati ndimugwira yemweyo, ndipo ndinakhala sabata yonse ndikuimba "I goed" mokweza mpaka iwe unagwa pansi ndi kuseka. Ana ako uyambe wawapatsa "cook," "wash," "plant," "pound," azolowere njira. Amwanowo adzabwere pambuyo, mmodzimmodzi, ana atalimba miyendo. Ngakhale anzako a kukoleji uwasankhe chomwecho: uyambe ndi amene dzulo ndi lero amakhala chimodzimodzi.

Chachitatu, uzidziwa polekera. Apa ndiye abambo ako amaseka mpaka kutsokomola. Unali utabwera pa holide kuchokera ku sekondale, mutu utadzaza nthawi zatsopano zimene ife sitinazimvepo. Mawa lake kunkabwera alendo a mpingo, ndipo ndinatapa mpunga wabwino uja wonunkhira. Ndinati, "Lero undiphunzitse zonse, usasiyeko." Iwe unandichenjeza kuti, "Amayi, n'zambiri," ine ndinati, "Kodi ndine mwana?" Tinayamba. "I am pounding," ndikusinja pakali pano. "I was pounding," ndinali kusinja. "I have pounded," ndasinja. "I had pounded," ndinali nditasinja. Mzere uliwonse tinkautsitsa kuyambira ine, iwe, iye, mpaka iwo, ndipo ndikalakwitsa unkati tibwerere pamwamba. Pofika pa "I shall have pounded," ndidzakhala nditasinja, aBiti Saidi anasuzumira mumtondo n'kugwira pakamwa. Munalibenso mpunga, munali ufa. Alendo a mpingo anamwa phala masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo abambo ako anati, "Amake Enelesi, Chizungu chimenechi chitimaliza." Ndiye iwe, mutu wa mwana uli ngati mpunga womwewo. Ukaona mankhusu achoka, leka, kapete, zina mawa.

Nawenso usakadzisinje mpaka kusanduka ufa. Ndimakudziwa, ukagwira buku umaiwala kudya. Uzidya chimene apereka, ngakhale nyemba zake zikhale zofumbwa. Matemba ndakuikira m'chitini cha buluu, uzigawirako anzako koma osati tsiku limodzi. Ku Blantyre kumazizira kuposa kuno, juzi ija usaichitire manyazi ngakhale mkono wina ndinauluka wautali.

Chachinayi ndi chimene ukuchiopa kwambiri: kusekedwa. Tamvera za amayi ako. Ukudziwa chifukwa chake pa Kachulu amanditchula kuti Mayi Ayidirayi, koma sunaione nkhaniyo ndi maso, unali kusukulu. Kunabwera mzungu wamkazi wa chipewa chachikulu, mmodzi wa aja ankayeza madzi ndi nsomba nyanja itabwerera. Womumasulira anali atapita kukafuna bwato. Mayiyo anaima pamene ndinayanika matemba, analoza, n'kulankhula zambirimbiri za m'mphuno. Ine m'zonsezo ndinatolamo liwu limodzi, "dry," limene unali utandiphunzitsa sabata yomweyo kuti ndi kuyanika. Mtima unati, lero ndi lero. Ndinakonza chitenje, ndinatsegula pakamwa: "I dry."

Pamenepo ndikanalekera, bwenzi zili bwino. Koma mwana wanga, ine Chizungu ndimachidziwa ngati nyimbo, sindingachidule pakati. Phazi linayamba lokha kuponda pansi. "You dry, she dries, we dry," ndipo pa "we dry" manja anaomba okha, popanda ndi munsi womwe. Ndinalowa dzulo, "I dried, you dried," ndikuona ndithu kuti doko lonse laima. Asodzi anasiya makoka, amayi a mandasi anabwera ndi mabeseni awo, wina anagwa m'bwato ndi kuseka. Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe, koma pakamwa sipankaima. Nditafika pa mawa, ndinamva liwu lina likundithandiza. Mzungu uja anali atavula chipewa, akuponda nane, "we shall dry, they will dry!" Tinamaliza limodzi, anandigwira chanza ndi manja awiri.

Anandiseka mwezi wathunthu, osanama. Ana ankanditsata akuimba. Usiku woyamba sindinadye, manyazi ake anali owawa zedi. Koma taona, ndine ndili pano, ndanenepa. Ogula ochokera ku Zomba akatsika amafunsa kuti, "Mayi Ayidirayi ali kuti?" ndipo matemba anga amatha anzanga asanayambe. Amene anagwa m'bwato uja anabwera chaka chatha kudzandipempha kuti iwe umuthandize mwana wake Chizungu. Ana a m'kalasi adzakuseka, zimenezo ndisakunamize. Tsiku loyamba adzaseka, lachiwiri adzaseka pang'ono, kenako adzatopa. Iwe udzangoimabe pomwepo, choko m'manja. Kusekedwa kumawawa koma sikutulutsa magazi.

Ichi chachisanu ndachilemba pakapepala kakekake, ukawerenga ukang'ambe n'kutaya m'chimbudzi. Uzisankha bwino aneni oimbitsa ana. Unali ku sekondale pamene a Mulera anasowa, ndipo tinangokuuza kuti anasamutsidwa. Sanasamutsidwe. Tsiku lina anatenga mneni wa kulamulira, waulemu ndithu, wa kamchira kake. Ana anaweruka akuimba mumsewu, "I rule, I ruled, I shall rule," n'kudutsa pakhomo pa akuluakulu ena a chipani amene anafunsa tanthauzo lake. Patapita masiku ochepa kunabwera galimoto kudzawatenga a Mulera. Anabwerako patapita nthawi yaitali, ataonda, tsitsi litayera, ndipo pano amangolima mpunga, salankhulalankhula. Bambo aja sanaganize choipa chilichonse. Iwe uziimbitsa za kuphika, kuchapa, kudzala ndi kusinja, zimenezo sizinamangitsepo munthu. Khadi la chipani lizikhala m'thumba nthawi zonse, diresi lizipitirira maondo, ndipo anzako akayamba nkhani za boma iwe uzikumbuka kuti uli ndi zochapa. Apa pokha chibwibwi chako uchigwiritse ntchito. Ndamaliza, ng'amba.

Tibwerere ku zosangalatsa. Unauza abambo ako kuti mphunzitsi sangaimbe tsiku lonse, ayenera kulankhula, kufotokoza, kudzudzula. N'zoona. Koma tandiyankha: amene ankatidzudzula ine ndi aBiti Saidi pamtondo anali ndani? Ndikaiwala ka "s" pa "she pounds," unkaimitsa munsi n'kunena kuti, "Amayi, kangati ndikuuzeni? Akakhala mmodzi, ndipo si inu, si ine, mumamupatsa kamluzu kumapeto!" Mawu onsewo unkawatulutsa osapunthwa, nkhope ili gwaa, ife akuluakulu n'kumanjenjemera. ABiti Saidi ankandinong'oneza kuti, "Mwana wanuyu akakwiya chibwibwi chimathawa." Sikunali kukwiya. Unkaiwala za lilime lako chifukwa mtima unali pa ife ophunzira. Ndinaziona zaka zonsezi, ndipo sindinakuuze kuopa kuti ukadziwa uyamba kudzimvetsera. Lero ndakuuza chifukwa wakula.

Ndipo ophunzira ovuta kuposa ife sudzawapeza. Mmodzi wa Sitandade 2 ya kalekale, wina sanalowepo m'kalasi, onse awiri amakani, onse awiri oseka aphunzitsi, wina akuyamwitsa, wina akuthamangitsa mbuzi pakati pa phunziro. Komabe dzana aBiti Saidi anadzudzula mdzukulu wawo wa Sitandade 5 atanena kuti "yesterday I cook." Anamufunsa kuti, "Mchira wausiya kuti?" Imeneyo ndi ntchito yako, Enelesi. Koleji ikungokakupatsa pepala la ntchito imene unaiyamba kalekale pabwalo pano.

Sindikunena kuti lilime silidzakakamira. Lidzakakamira, mwina pa tsiku lenileni limene akuluakulu adzakhale kumbuyo kwa kalasi ndi zolembera zawo. Likadzatero usadzayang'ane pakhomo. Udzapume, udzagogode, liwu lidzabwera pa kugogoda kwachiwiri kapena kwachitatu monga limachitira nthawi zonse. Ndipo pa ana amene adzakhale patsogolo pakowo padzakhala mmodzi, kaya wamkazi kaya wamwamuna, amene naye mawu amamukanirira, amene amakhala kumbuyo n'kumapemphera kuti asamutchule. Ameneyo akadzaona aphunzitsi ake akukakamira, n'kudikira, n'kumaliza, adzapita kwawo akudumpha. Iwe unalibe mphunzitsi wotero. Usam'mane mwana ameneyo.

Tsopano pisa dzanja pakona ya sutikesi, m'kati mwa sokosi ya abambo ako. Wachipeza? Kamtengo kosalala, kokwana m'chikhatho. Ukanunkhize, ukadziwa. Lero m'mawa iwe utangonyamuka kupita kwa azakhali ako, ndinatenga munsi wako n'kuwapatsa abambo ako pamodzi ndi sowo. Anandiyang'ana, anayang'ana munsi, anati, "Amake Enelesi, mwaganiza bwino?" Ndinati, "Dulani." Kwa nthawi yoyamba chikwatirane sananene kuti tiona. Anadula kumutu kwake, kumene kunkamenya mpunga zaka zonsezi, anakapala ndi mpeni, anakasalaza ndi mchenga wa kunyanja mpaka dzuwa kufika pamutu. Ankati utuchi wawalowa m'maso, koma ine ndikuwadziwa. Kamtengo kameneko kazikhala m'thumba la diresi kapena patebulo lako la m'kalasi. Mawu akakana, gogoda nako. Ana adzayesa ndi kowaletsera phokoso, iwe wekha udzadziwa kuti ukusinja.

Ndiye wamva: munsi wako wafupika, sungasinjenso kanthu. Chotsalacho aBiti Saidi atenga kale, akuti azitsekera khola la nkhuku. Ukathawa kukoleji n'kubwera kuno kuti uzidzasinja ndi amayi, udzapeza munsi ndi umodzi, ndipo ndi wanga, sindibwereketsa.

Usayese kuti ndachita zimenezi mtima uli myaa. Ndakusowa kale, pamene sunanyamuke n'komwe. Loweruka ndidzasinja ndekha, ndipo nyimbo yathu ndidzaimba ndithu, anthu a kuseri asayese kuti pakhomo pano pagwa maliro. Ndidzati "I pound," ndidzaloza aBiti Saidi pa "she pounds," ndidzalowa dzulo ndi mawa monga unandiphunzitsira, kamchira ndi kamluzu zonse zili m'malo mwake. Koma mzere wa "we pound" ndiziudumpha. Sindingaponye munsi m'mwamba n'kuomba m'manja ndekha, anthu angati ndapenga. Mzere umenewo ndakusungira. Udzabwere pa holide, osati lisanafike tsiku lake, udzandiuze kuti waimapo pamaso pa ana ndipo sunathawe. Tsiku limenelo ndidzakubwerekera munsi kwa aBiti Saidi, ndipo ngakhale mpunga udzasanduke ufa, abambo ako adzamwa phala osadandaula.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukuseka ndi ana a kwa aneba, ndiye ndileke ndibise pepalali. Uyende bwino, aphunzitsi. Mulungu akutsogolere, ndipo ulembe ukangofika, m'Chinyanja chonde.

Ndine wophunzira wako wamakani,
Amayi ako.